Kabokosi ka Utsi pa Jekete ya a Tcheya

Loweruka lapitali tinali kumudzi, kuseri kwa Nachisaka, pamwambo wa chiliza cha alamu anga a Yotamu, amene dera lonse linkawadziwa ndi dzina loti a Tcheya. Chaka chakwana chimwalirireni. Mkulu wa mpingo anaimirira n'kuwerenga mbiri yawo, ine n'kumamvetsera nditagwira tsaya, ndikudzifunsa ngati sindinasochere n'kufika pamanda a munthu wina. Ati anali tate wachikondi. Ati anali munthu woona patali, amene anabweretsa zinthu zamakono m'mudzi. Ati anasamala banja lake mpaka tsiku lomaliza. Anthu n'kumavomera kuti, "Zoona, zoona." Aaa, abale inu, bodza lina lizichitako manyazi likafika pamanda.

Mkazi wawo, akulu anga a Nambewe, sanaimve nawo mbiriyo. Manda ali pamtunda, ndipo mapapo awo sangawafikitsenso kumeneko. Tinawasiya pakhomo akupuma ngati munthu amene wathamanga, chikhalirecho angotsika m'galimoto.

Ndikudziwa kuti wakufa sanenedwa. Koma ine ndine mlamu, ndipo mlamu pakamwa pake sipamangidwa. Ndinkawanena ali moyo, iwo akumva, ndiye sindiyamba lero kuwaopa chifukwa choti awaphimba ndi simenti.

A Yotamu anakwatira akulu anga ine ndili kamtsikana kosatha n'kusenza ndowa komwe. Anawatenga chitengwa n'kupita nawo kwawo, pachitunda pomwe ukaima umaona mapiri a Ntchisi ali mbuu ndi nkhungu. Dzina la Tcheya sanalitole panjira, analigwirira ntchito ndi pakamwa. Komiti ya sukulu, tcheya ndi iwo. Kalabu ya fodya, ndi iwo. Komiti ya mjigo, ndi iwonso. Mjigowo unauma kalekale, amayi n'kubwerera kudambo, koma komiti yake inapitirira kukumana, chifukwa a Tcheya sakanalola kuti mpando uwachoke chifukwa cha kankhani kakang'ono ngati kusowa kwa madzi.

Jekete yawo yakuda, yogula pakaunjika ku Mponela, sinkachoka pathupi ngakhale mwezi wa Okutobala, pamene agalu omwe amakanirira pamthunzi. M'thumba la pachifuwa munkasuzumira zolembera zingapo. Tsiku lina ndinasolola chimodzi mwachilamu, ndipo chinali chivindikiro chokha. Anandilanda ngati ndawavula pagulu.

Anali ndi mawu awo amene ankawabwereza mpaka ana anawaloweza. Ankati mwamuna amadziwika ndi denga la nyumba yake, za m'kati n'za akazi. Ankati mwamuna akaponda m'khitchini ndevu zimathothoka. Ndipo ankakonda kunena, akuseka yekha, kuti khomo limene mkazi sakutsokomola m'mawa ndi khomo la alesi, chifukwa ndiye kuti moto sunasonkhedwe. Iwo chifuwa cha akulu anga ankachimva ngati tambala, chowauza kuti kwacha ndipo madzi osamba atsala pang'ono kufunda.

Chaka china fodya anawayanja ku okushoni, ndipo m'pamene anamanga khitchini yotchuka ija. Makhitchini a anzawo anali a udzu, osaoneka bwino, koma utsi unkadzipezera wokha njira m'denga n'kumapita. A Tcheya anati zimenezo n'zachikale. Anamanga ya njerwa zootcha, denga la malata, makoma opaka simenti, chitseko cha matabwa chokhala ndi loko. Zenera ayi. Ankati zenera la khitchini ndi diso la anthu amiseche lowerengera ndiwo za eni, ndiponso ndi khomo la akuba. Alendo akabwera ankawazunguliritsa panja, n'kumagogoda khomalo ndi chala kuti amve kulimba kwake. Sindikumbuka tsiku limene anawatsegulira chitseko.

Nkhuni kwathu kuno zinatha, zigafa za fodya ndi maovuni a njerwa zinadya mitengo yonse. Amayi amaphikira zitsononkho, mapesi ndi mitengo ya fodya yotsala m'munda masamba akathyoledwa. Amene anasonkhapo mtengo wa fodya akuudziwa utsi wake. Umaluma m'maso, umakanda pakhosi, ndipo umakhalira m'nsalu ngakhale uchape. Miyezi yozizira, mphepo ya kuphiri ikamalowa mpaka m'mafupa, akulu anga ankatseka ndi chitseko chomwe kuti moto usamwazike. Ukawaitana ankatuluka misozi ili chuchuchu, n'kukupatsa moni akumwetulira.

Ndidumphe pang'ono ndinene kumene zinathera, kuti mumvetse chifukwa chake mtima wanga suzizira. Zaka zitapita ndinawatengera kuchipatala ku Madisi, atafika poti sangathe kumaliza chiganizo osapumira pakati. Dokotala anawamvetsera pamsana nthawi yaitali, anawajambula chifuwa, kenako anafunsa mwaulemu kuti, "Mayi, mumasuta ndudu zingati patsiku?" Akulu anga anayang'ana ine, ine n'kuyang'ana iwo. Munthu amene wasoka fodya moyo wake wonse koma sanaikepo pakamwa ngakhale kanyenyeswa. Dokotala anati mapapo awo ali ngati a munthu amene wasuta kuyambira utsikana, ndipo zimene zawonongeka sizibwerera. Anati akanachoka muutsi msanga, matendawo akanaima pomwe anafika. Mawu oti "msanga" amenewo ndi amene amandibaya mpaka lero, chifukwa mwayi wake unabwera pakhomo pawo ndi miyendo yake, a Tcheya n'kuupirikitsa.

Unabwera chonchi. Kunafika anthu a kafukufuku wa zaumoyo, motsogozedwa ndi mayi wina wachitsikana dzina lake Tadala, wolankhula mofatsa koma wa maso akuthwa. Anabweretsa timabokosi tating'ono ngati sopo wosambira, tili m'timatumba ta nsalu tokhala ndi chingwe chokoleka m'khosi. Anafotokoza kuti kale makina oyeza mpweya anali aakulu ngati kabati, okwera mtengo, opezeka m'mizinda mokha, ndipo ankangoyeza mpweya wa pamalo amodzi pomwe awaika. Tsopano anawachepetsa moti munthu angayende nawo. M'kati mwa kabokosi muli kachipangizo kokoka mpweya ndi kuwala kowerenga tinthu ta muutsi tosaoneka ndi maso, timene timalowa mpaka pansi pa mapapo. Kamasunga zonse, ndi nthawi yake yomwe. Kunja kuli kanyali. Kakayaka mobiriwira mpweya uli bwino, kakachita chikasu pali vuto, kakafiira n'kulira ndiye kuti munthu akupuma zoipa.

Pempho lawo linali losavuta. Mayi amene amaphika pakhomo avale kabokosiko pachifuwa kwa milungu ingapo, azichita zonse monga amachitira masiku onse. Makomo amene apezeke ndi utsi woipa adzawamangira mbaula yokhala ndi chumuni chotulutsira utsi panja, ndipo amayi ake adzaonedwa ndi dokotala, zonsezo ulere. Timabokosi tinali tochepa, sitinakwanire mudzi wonse, koma pakhomo pa a Tcheya sipakanalephera. Tadala anawaveka yekha akulu anga, n'kuwakonzera chingwe kuti chisawafinye.

Galimoto ya alendowo isanazimiririke n'komwe kumsewu, kabokosi kanali katasamuka kale.

Ine ndimagulitsa tomato ndi anyezi ku Mponela. Tsiku la msika ndikungoona alamu anga akubwera pakati pa msewu, chifuwa atachitulutsa, kabokosi kali lende pamwamba pa jekete, kanyali kakuphethira. Ankayenda pang'onopang'ono kuti aliyense aone. Anyamata oitanira minibasi anasiya kukuwa n'kumawayang'ana.

"Alamu," ndinawaitana, "nanga ichi mwakoleka pamtimachi? Mwalandira mendulo ya kunkhondo?"

"Iwe sungazimve izi," anayankha osandiyang'ana. "Ndi makina ochokera kunja awa. Tomato wako yenseyu, ndi iwe wemwe, simungagule chingwe chake."

"Si paja anapatsa akulu anga kuti azivala pophika?"

Apo ndiye anatembenuka, n'kundiyang'ana ngati ndine mwana wosalangizidwa. "Ukufuna chinthu cha eni chikade ndi mwaye? Akadzabwera n'kukapeza kali bii, manyazi adzagwira ndani, iwe kapena ine? Kwanu munaleredwa bwanji? Mlendo sitimugoneka kukhitchini."

Ha! Ndinaseka mpaka anzanga a pamsika anandigwira. Koma iwo sankaseka, ankanena zochokera pansi pa mtima. Kwa iwo kabokosi kanali mlendo wolemekezeka, ndipo mlendo amamusesera pabalaza, amamuyalira mphasa yatsopano, samuonetsa kuseri. Usiku ankakagoneka m'kabati ya magalasi, pakati pa makapu amene samweramo munthu, atakafunditsa kansalu koluka. Masana ankakhala nako pakhonde lawo loyang'ana kuphiri. Kutchalitchi anapita nako, n'kukhala kutsogolo. Kumaliro anapita nako. Ana akawazungulira ankawalola kuyang'ana koma osakhudza, n'kuwauza kuti makinawa amalankhula ndi anthu a ku Lilongwe ndipo amadziwa mwana aliyense wakuba mango.

Ndinapita kumudzi kukawadandaulira akulu anga. Ndinawapeza akusenda mawungu kuseri, akutsokomolera m'chitenje.

"Akulu, mwalola bwanji? Chinthucho n'chanu."

"Asiye, mwana wa amayi," anatero. "Chiyambire kuvala kaja akusangalala, pakhomo pali bata. Nanga ine ndikavale kuti andione ndani?"

Kabokosi kankafuna moto pakapita masiku, ndipo kumene kunali magetsi a dzuwa pafupi kunali kusitolo kwa a Twaibu, pa Nachisaka. A Twaibu ndi Msilamu wa ndevu zoyera, wosachulutsa mawu, amene makolo ake anayamba malonda pamenepo ife tisanabadwe. Iwo ndi a Tcheya sankamwerana madzi. Mkangano wawo unayamba kale, tsiku lina a Twaibu atanena kuti chifuwa cha mayi a kunyumba chikumveka mpaka kumsewu, ndipo ngati afuna angawatenge pagalimoto popita kukaoda katundu ku Madisi. A Tcheya anafufuma. Anati munthu wogulitsa mchere asawaphunzitse kusunga mkazi. Komabe benchi ya pasitolopo sanaisiye, ankakhalapo tsiku lonse akuwerenga nyuzipepala yakale osagula ngakhale machesi. Ndiye nthawi ya kabokosi ankafika, n'kukavula m'khosi mwamwambo, n'kukapereka ndi manja awiri. A Twaibu ankakalandira n'kukalumikiza kumagetsi.

Tsiku loti Tadala adzatenge timabokosi, a Tcheya anakapukuta ndi mpango n'kuwaveka akulu anga m'mawa womwewo, n'kuwauza kuti asayandikire moto mpaka alendo atapita.

Msonkhano womva zotsatira unachitikira pabwalo la sukulu. Ine ndinasiya malonda n'kupita, chifukwa ndinkadziwa kuti kukhala zoti n'kuona. A Tcheya, mwachidziwikire, anali patebulo lakutsogolo, pafupi ndi alendo. Mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu anayamba kutchula makomo, ambiri ofiira, ena achikasu. Kenako anati pali khomo limodzi lokha limene mpweya wake wapezeka wabwino zedi, pafupifupi ngati wa pamwamba pa phiri, ndipo ndi khomo la a Yotamu.

Sanadikire kuitanidwa. Anaimirira, anakoka jekete, anakonza pakhosi. Analankhula za njerwa zootcha, za malata, za kufunika kosiya makhalidwe achikale. Anati amene akufuna kuphunzira abwere adzaone khitchini yawo, salipiritsa. Nthawi yonseyo akulu anga anali pansi pakati pa amayi, atatsekera pakamwa ndi chitenje, akulimbana ndi chifuwa kuti chisasokoneze mawu a amuna awo. Chinawapambana. Anatsokomola kwa nthawi yaitali moti a Tcheya anaima, n'kuwayang'ana ndi diso loti chokani.

Tadala anali akuyang'ana pafoni yake. A Tcheya atakhala pansi, anaimirira n'kufunsa mwaulemu, "Mayi Nambewe, pepani, inu mumaphika nthawi yanji?"

"M'mawa, masana ndi madzulo, mwanangu," anayankha.

"N'chimene chikundizunguza mutu," anatero Tadala. "Timabokosi ta amayi ena tonse tikuonetsa utsi ukukwera m'mawa, masana ndi madzulo. Kanu kali phee nthawi zonsezo. Kakungokwera pang'ono masiku a msika, dzuwa lili paliwombo. Kodi mumaphika tsiku la msika lokha?"

Amayi anayamba kugwirana m'nthiti. Akulu anga anayang'ana pansi. Ndiye kumbuyo kunamveka mawu a a Twaibu, osakweza, ngati akutchula mtengo wa sopo.

"Kabokosiko ndimakathira moto ndine. Kamabwera pa jekete, kamabwerera pa jekete. Tsiku la msika kamakwera minibasi."

Bwalo lonse linaphulika. Ngakhale aphunzitsi amene ankasuzumira pazenera anagwira m'mimba. Ine sindinadzigwire, ndinaseka mpaka misozi, ndipo sindikupepesa. A Tcheya anaimirira nkhope ili gwaa. Anati a Twaibu ndi amene anasokoneza makinawo powathira moto wachinyengo. Anati pali anthu ansanje amene akhala akufuna mpando wawo kuyambira kale. Anati khitchini yawo aliyense akuidziwa.

"Ndiye tiyeni tikaione, bambo," anatero Tadala. "Si patali."

Tinapita gulu, amayi kutsogolo. Tadala anavala yekha kabokosi, n'kupempha akulu anga kuti asonkhe moto monga amachitira masiku onse. Anaika zitsononkho, anaika mitengo ya fodya, anakoleza, anakankha chitseko, Tadala ali nawo momwemo. Madzi a mumphika asanafunde n'komwe, tinamva kabokosi kakulira m'katimo ngati mwanapiye wotayika. Chitseko chinatseguka, Tadala anatuluka akutsokomola, maso ali psuu, kanyali kali kofiira. Akulu anga anatsalira m'kati akukonza moto, chifukwa kwa iwo sipanachitike chachilendo.

Tadala atapeza mpweya anati, "Bambo, lowani muone nokha. Kamphindi kokha."

A Tcheya anali chiimire pakati pa bwalo, manja kumbuyo. Phazi silinasunthe. Khitchini anamanga okha, anaitamanda pamaso pa mudzi wonse tsiku lomwelo, koma kuti alowemo apume kamodzi zimene mkazi wawo wapuma zaka zonsezo, ayi, ndevu zikanathothoka.

Mtsikana uja anachonderera, ndipo ndimamulemekeza mpaka lero. Anati agwetse njerwa zingapo pamwamba pa khoma tsiku lomwelo, utsi uzipeza potulukira. Anati mbaula ndi chumuni adzamanga iwo, a Tcheya sataya kalikonse. Anati mayiwa akaonedwe ndi dokotala sabata yomweyo, chifukwa kutsokomola kwawo sikukumusangalatsa.

"Mwana iwe," anatero a Tcheya, "khoma ili ndinamanga iwe ukuyamwa. Mwandichititsa manyazi pagulu, tsopano mukufuna mundiboolere nyumba kuti aliyense wodutsa aziloza? Pakhomo panga sipadzaima chumuni cha chipongwe. Tichotseni m'kaundula wanu."

Tadala anatembenukira kwa akulu anga, amene anali atatuluka n'kukhala pansi pafupi ndi chitseko. "Mayi, chifuwachi n'chanu. Inuyo mukuti bwanji?"

Ndinawayang'ana ndi maso onse, ndikuwapempha mumtima. Amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Koma munthu amene wakhala moyo wake wonse akuuzidwa kuti chitsekocho si chake, dzanja limalemera. Anayang'ana amuna awo, anayang'ana khamu lija limene linali litangowaseka, ndipo ndinaona kuti akuwamvera chisoni. Iwo kumvera chisoni a Tcheya!

"Monga anenera bambo," anatero.

Ndinatukwana tsiku limenelo, mawu amene sindingawalembe pano. Ndinawauza alamu anga kuti ndi chitsiru chovala jekete. Anandiyankha kuti n'chifukwa chake ndimakhalira kuwerenga tomato.

Miyezi yotsatira machumuni anamera m'mudzi, khomo ndi khomo. Amayi ankati maso asiya kuwawa, ana asiya kudzuka ndi mamina akuda. A Tcheya ankadutsa akuyang'ana kumbali, n'kumati ndi timipaipi ta anthu opemphapempha. Kusitolo kwa a Twaibu sanapondekonso. Mchere ndi sopo anayamba kugula kusitolo ina yakutali, kutsidya kwa dambo, ndipo woyenda ulendowo mukumudziwa. Tadala anabweranso kawiri konse kudzayesa, a Tcheya n'kumubweza ali panjira. Kafukufuku anatha, galimoto ija sinaonekenso.

Dzinja linadutsa, linanso n'kudutsa. Tsiku lina ndinafika kumudzi n'kuwapeza akulu anga atakhala pafupi ndi mafuwa, atatsamira khoma, milomo itachita kuda, akulephera kudzuka. A Tcheya anali kumsonkhano. Sindinatume mthenga. Ndinathamangira kwa a Twaibu, iwo anatseka sitolo masana dzuwa likuswa mtengo, n'kutulutsa galimoto. Ulendo wa ku Madisi umene ndanena uja unali umenewo.

A Tcheya anafika kuchipatala mawa lake, jekete atayikutumula bwino, n'kudzidziwitsa kwa anamwino mayina a makomiti awo onse. Dokotala atawafotokozera kuti mayiwa asadzayandikirenso utsi wa mtundu uliwonse, anagwedeza mutu ngati munthu womvetsa zinthu. Kenako anafunsa funso limodzi lokha.

"Ndiye aziphika ndani?"

 Ine ndinanyamula kathumba ka akulu anga n'kuwatengera kwanga ku Mponela, ndipo ali komweko mpaka pano. Amagona atakhala, atatsamira mapilo, chifukwa akagona chagada mpweya umawathawa. Kuchoka pabedi kufika pakhomo amapumira panjira. Munthu amene ankasenza mtolo wa mapesi kuchokera kudimba akuimba nyimbo za kwaya.

Kumudzi a Tcheya ankauza anthu kuti mayi apita kukapuma kutauni, iwo ndi amene awatumiza. Mlongo wawo anabwera kudzawaphikira. Anangotsegula chitseko cha khitchini, kusuzumira, n'kunena kuti, "Muno muphike ndani? Ine sindinatope nawo moyo." Anakoka mafuwa n'kuwaika panja pansi pa mtengo wa mango, n'kumaphikira pomwepo. A Tcheya sanatsegule pakamwa. Nkhani yonse inali yophweka chomwecho, kusuntha miyala basi.

Kwanga ku Mponela a Tcheya anabwerako kangapo. Ankafika manja ali lende, n'kukhala pampando wabwino, n'kuyamba kufotokoza za chisankho cha kukalabu ndi anthu amene akuwachitira kaduka. Akulu anga ankamvetsera, n'kumandinong'oneza kuti ndiwathirire shuga wambiri m'tiyi. Sindinawamvepo akufunsa kuti usiku wagona bwanji. Tsiku lina ndinawafunsa maso ndi maso ngati amaganizako za kabokosi kaja. Anati amaganizako kwambiri, ndipo chimene chimawawawa n'chakuti anthu aja anakatenga osawasiyira ngakhale kalata yothokoza, chikhalirecho anakasunga bwino kuposa wina aliyense m'mudzimo.

A Tcheya anamwalira mosavutika. Anagwa panjira akuchokera kumsonkhano, ndipo pofika nawo kuchipatala anali atapita. Sanatsokomole, sanabanike, sanadziwe n'komwe kuti kusowa mpweya kumakhala bwanji. Mapapo awo anapita nawo kumanda ali atsopano. Anawaika atavala jekete yomwe ija, ndipo makomiti onse analankhula, mpaka ya mjigo.

Loweruka lija, mwambo wa chiliza utatha, ndinatsika msanga anthu asanayambe kubwerera, kuti ndikaone akulu anga. Pakhomopo sipakhalanso munthu. Udzu wamera mpaka pakhomo la nyumba, nkhokwe inagwa, loko wa pakhitchini wachita dzimbiri. Mbuzi za eni ndi zimene zimagona pabwalo. Ndinawafuna kuseri, kumene ndinazolowera kuwapeza moyo wanga wonse, koma kunalibe.

Ndinawapeza kumaso, pakhonde. Mpando wa a Tcheya abale awo anatenga kalekale, patsala podetsedwa pakhoma pomwe ankatsamiritsa mutu. Akulu anga anali atakhala pansi pambali pake, miyendo atatambasula, akuyang'ana mapiri a Ntchisi. Zaka zonse zimene anakhala pakhomo limenelo, pakhondepo ankangofikapo atagwada, kudzatula madzi kapena chakudya, n'kubwerera. Mphepo inkachokera kuphiri, yozizira bwino, ikugwedeza nsonga ya mpango wawo.

Ndinakhala pafupi nawo. Sanandifunse za kumanda.

"Mwana wa amayi," anatero, "kodi kuno kumawomba kamphepo chonchi masiku onse?"

Ndinawayankha kuti inde, kumawomba. Anatseka maso n'kukoka mpweya kuti aumve bwino, koma unangofika pakhosi, chifuwa n'kuubweza.